Kodi Buddha akanati chiyani ku Senga Bay?

 

Munthu wogona ku Senga Bay safunika wotchi. Kusanache, azana imamveka kuchokera kumzikiti kuitana Asilamu ku swala yam'mawa. Nthawi imeneyo mwina chimkuzamawu cha mapemphero ochezera chikadalira, abusa mawu atasasa kale. Loweruka ndi la a Sabata, Lamulungu mabelu amalandizana, ndipo kumtunda ng'oma zikagunda timadziwa kuti zilombo zatuluka kudambwe. Dziko lathu ndi lopemphera. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu 100 aliwonse, 17 ndi Akatolika, 14 ndi a CCAP, enanso pafupifupi 14 ndi Asilamu, ndipo amene anati alibe chipembedzo anali awiri okha.

Mukamufunsa aliyense mwa anthu amenewa kuti kodi munthu anabadwiranji, sachedwa kuyankha. Mwana wa kalasi analoweza, mwana wa ku madrasa analowezanso: kuli Mulungu amene anatilenga, tili pano kuti timudziwe ndi kumupembedza, ndipo tsiku lina tidzaima pamaso pake. Lero ndabwera ndi mlendo, poti akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Mlendo wathuyu atafunsidwa mafunso amtundu umenewu anakana kuyankha, komabe mpaka lero anthu mamiliyoni mazanamazana amatsatira chiphunzitso chake.

Dzina lake anali Siddhartha Gautama. Anabadwira ku Lumbini, m'dziko limene lero ndi Nepal, zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, m'banja lachifumu la fuko la Shakya. Mbiri imene omutsatira amasimba imati bambo ake anamulera mobindikiritsa kuti asaone zowawa za dziko. Atatuluka kumpanda anakumana ndi nkhalamba, kenaka wodwala, kenaka maliro. Ife akuno tikhoza kuseka: bambo wamkulu, wa mkazi ndi mwana, osadziwa maliro? Kwathu kuno mwana amaona bokosi asanayambe sukulu. Koma iye zinamuzunguza mutu, moti ali ndi zaka 29 anachoka usiku, kusiya mkazi wake Yasodhara ndi khanda lawo Rahula. Zikanakhala kuno ankhoswe akanakhala nayo pansi nkhani imeneyi. Kwa zaka 6 anayesa njira zosiyanasiyana, mpaka kusala kudya nthiti zonse kuwerengeka. Ataona kuti njala siphunzitsa nzeru anadya, nakakhala pansi pa mtengo wamtundu wa mkuyu ku Bodh Gaya. Ali ndi zaka 35 anati maso ake atseguka, ndipo kuyambira pamenepo anatchedwa Buddha. Anaphunzitsa koyamba ku Sarnath, pafupi ndi Varanasi, nayendayenda wapansi zaka 45 kufikira imfa yake ku Kushinagar ali ndi zaka 80.

Wophunzira wake wina, Malunkyaputta, anafika potopa. Anaopseza kuti achoka ngati sauzidwa zoona zake: kodi dziko lidzatha kapena ayi, lili ndi malire kapena lilibe, moyo ndi thupi ndi chinthu chimodzi kapena ziwiri, nanga munthu woyera mtima akamwalira amakhalapobe? Buddha anamuyankha ndi fanizo la munthu wolasidwa ndi muvi wa ulembe. Abale athamangira sing'anga, koma wolasidwayo akukana kuti muviwo uzulidwe kufikira atadziwa amene wamulasa, mtundu wake, mudzi wake, mtengo umene anasemera uta, ndi mbalame imene inathotholedwa nthenga. Munthu wotere adzafa mafunso ali pakamwa. Nafenso tili nawo mwambi wake, wakuti muvi woyang'anira suchedwa kulowa m'maso.

Kusiyana kwagona pamenepa. Mpingo ndi mzikiti zimayambira kumwamba: anatilenga ndani, akufunanji kwa ife. Buddha amayambira pabala. Iye anati choyamba tivomereze kuti moyo uli ndi zowawa: kubadwa, kudwala, kukalamba, kufa, kusiyana ndi amene timawakonda, kukhala ndi amene sitiwafuna, kusowa chimene tikulakalaka. Chachiwiri, zowawazi zili ndi gwero, ndipo gwerolo ndi ludzu la mumtima, lofuna ichi, lofuna kukhala uje, lofuna kuti chokoma chisathe pomwe chilichonse chimatha. Anapitiriza kuti ludzuli likhoza kuzimitsidwa, ndipo njira yake ili ndi mbali 8, zokhudza kaonedwe ka zinthu, kalankhulidwe, zochita, ntchito yodyera, ndi kuweta maganizo mwa kusinkhasinkha. Kwa iye, kufunsa kuti moyo tanthauzo lake n'chiyani n'kuchedwa. Funso ndi lakuti: chikukupweteka n'chiyani, ndipo ukuchita nacho chiyani lero?

Tiyeni titsike nalo padooko funso limeneli. Usiku wamdima, mwezi utabisala, siginala wayatsa nyali zake, chilimira chazungulira, usipa wadzaza boti. M'mawa amayi ogula ali mbwee ndi mabeseni, mathandala onse ayera, ndalama zagawidwa. Pofika madzulo, mnyamata amene anachezera usiku wonse akupalasa alibe ndi ya sopo yomwe. Zapita ku mowa, ku njuga, ku zibwenzi, ndipo tonse tikudziwa matenda amene ayenda m'madooko athu chifukwa cha malonda osinthanitsa thupi ndi usipa. Mukamufunsa akuuzani kuti ndalama za m'madzi sizikhalitsa, mawa tikatenganso. Mlaliki wa pamsika amuuza kuti ndi tchimo, kapena kuti ndi chiwanda cha umphawi chofunika kutulutsa. Buddha akanamuuza kuti akhale phee, ayang'anitsitse chimene chimachitika m'chifuwa mwake ndalama ikangofika m'manja: kutentha kumene kumayamba, kumene kumamunyamula miyendo, ndi mmene kumazimira akangopeza chimene amafunacho, n'kuyambiranso pa china. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Makolo athu anachiona chinthuchi. Chimene Buddha anawonjezera ndi njira yochiyang'anira tsiku ndi tsiku kufikira chitafooka.

Koma ndichenjeze. Pali anthu okhuta amene amakonda kuuza anjala kuti vuto lawo ndi kulakalaka. Mayi amene akufuna thumba la chimanga mu February sali ndi ludzu la mumtima, ali ndi njala ya m'mimba. Mwini lodge ndi mwini kanyumba kaudzu onse analowedwa madzi nyanja itakwera mu 2024, koma sanalire mofanana, ndipo kuuza wachiwiriyo kuti zonse n'zosakhalitsa ndi chipongwe. Buddha mwini wake anayesa njala naikana. Chiphunzitso chimenechi chikasanduka chotsekera pakamwa osauka, ndiye kuti chagwera m'manja olakwika.

Pamene kalumo ka mlendoyu kakuthwa zedi ndi pa mapemphero amasiku ano olonjeza chuma ndi zozizwitsa. Mukuwadziwa: fesa mbewu kuti ukolole galimoto, gula madzi odzozedwa, gula mafuta, bwera ndi envulopu kuti munthu wa Mulungu akuone payekha. Sindikunena mpingo uliwonse, ndipo abusa ambiri a m'boma lino amayenda panjinga, kudya zimene nkhosa zawo zikudya. Koma mapemphero amtundu uja sazimitsa ludzu, amalikoleza. Munthu amalowa akufuna ntchito, amatuluka akufuna nyumba yosanja, ndipo zikakanika amauzidwa kuti chikhulupiriro chake n'chochepa kapena azakhali ake akumudzi ndiwo amukhalira. Mabanja angati adana chifukwa cha ulosi wotere? Nkhalamba zingati zatchedwa mfiti?

Imvani mmene Buddha anachitira ndi mayi wina dzina lake Kisa Gotami. Mwana wake mmodzi yekhayo anamwalira, ndipo mayiyu mutu unasokonekera, nayenda khomo ndi khomo mtembo uli m'manja kupempha mankhwala. Atafika kwa Buddha, sanamukalipire, sanamulonjezenso kuti mwanayo auka. Anamutuma kuti akapemphe njere za mpiru, koma zichokere m'nyumba imene simunachitikepo maliro. Mpiru unalipo paliponse, ndipo aliyense anali wokonzeka kumupatsa. Koma akafunsa za maliro, apa amuuza za bambo, apo za mwana, uko za agogo. Dzuwa likulowa anazindikira yekha, nakaika mwana wake.

Ndimaikonda nkhani imeneyi chifukwa mulibe chozizwitsa, ndiponso chifukwa mankhwala ake anali anthu. Mayiyu sanachire pokhala yekha pansi pa mtengo. Anachira pomva zisoni za anansi ake, khomo ndi khomo. Tayerekezani kuyenda choncho m'mudzi wa asodzi mwezi wa July, mwera utawomba sabata yathunthu. Ndi nyumba iti imene ilibe dzina la munthu amene nyanja inamutenga, kapena malungo, kapena kolera?

Tsopano ndinene pamene mlendoyu akutivuta, chifukwa mlendo sitimangomuombera m'manja. Buddha sanaphunzitse za Mlengi. Kwa Mchewa amene makolo ake ankathira nsembe kwa Chauta ndi Namalenga amishoni asanabwere, kwa Myao amene tsiku lake limayamba ndi dzina la Allah, apa pali phompho lalikulu. Anaphunzitsanso kuti mwa munthu mulibe kanthu kokhazikika kosasintha kamene tingati ndi mzimu wake. Munthu ndi mtolo wa zinthu zosinthasintha, ndipo zochita zake ndizo zimabala moyo wina pambuyo pa imfa, mobwerezabwereza, kufikira ludzu lija litazima. Nanga agogo amene amabwera kutulo kudzadandaula kuti tawaiwala ndi ndani? Nanga chiliza timamangira yani? Mbuda ndi munthu wakuno akhoza kugwirizana kuti palibe amene amaima payekha, kuti kali kokha n'kanyama. Koma akafika pamanda, aliyense aloza kwake.

Chovuta kwambiri kwa ife a m'mphepete mwa nyanja ndi ichi. Malamulo asanu a Mbuda wamba ndi akuti asaphe chamoyo, asabe, asachite chiwerewere, asaname, ndipo asamwe zoledzeretsa. Loyambalo silipatula nsomba. Pa ntchito zimene Buddha anati munthu asadyerepo pali malonda a nyama, pamodzi ndi a zida, a anthu, a zoledzeretsa ndi a poizoni. Ndiye kuti Senga Bay yense, kuyambira mwini chilimira mpaka mayi wokazinga utaka, ali kunja kwa mpanda. Yesu anaitana asodzi kukhala ophunzira ake oyamba, ndipo n'zosadabwitsa kuti ku Sri Lanka, dziko la Abuda ambiri, asodzi ochuluka a m'tauni ya Negombo ndi Akatolika. Komabe ku Cambodia, pa nyanja ya Tonle Sap, Abuda amawedza ndithu, nsomba ndiyo ndiwo yawo, ndipo m'mawa amapereka chakudya kwa amonke. Anthu kulikonse amapeza njira yokhalira ndi malamulo amene sangawakwanitse.

Izi zikundifikitsa pa bodza lina lofala pakati pa ophunzira athu, makamaka amene akhumudwa ndi mipingo. Amati Chibuda si chipembedzo, ndi nzeru chabe, chilibe abusa, chilibe chopereka, chilibe malamulo. Zimenezo ndi za m'mabuku ogulitsidwa ku London ndi ku New York. Buddha mwini wake anakhazikitsa gulu la amonke, ndipo ndi limodzi mwa mabungwe akale kwambiri amene akadalipo padziko lapansi. Mmonke wa ku Thailand kapena ku Sri Lanka amasunga malamulo 227, ndipo amayi analembedwera 311. Kuli akachisi okutidwa ndi golide, kuli maudindo, kuli kupereka mphatso kukachisi pofuna kuti moyo ukubwerawo udzakhale wabwino, zimene sizikusiyana kwenikweni ndi kufesa mbewu kuja. Malamulo a dziko la Sri Lanka amaika Chibuda patsogolo pa zipembedzo zina. Ku Myanmar, mmonke wotchedwa Wirathu anatchuka ndi maulaliki odana ndi Asilamu, ndipo mu 2017 asilikali a dzikolo atayamba kuwotcha midzi, Arohingya oposa 700,000 anathawira ku Bangladesh. Chiphunzitso choletsa kupha ngakhale nyerere sichinaletse zimenezo.

Ngakhale kuno kwathu, Chibuda sichinabwere ngati munthu mmodzi wokhala pansi pa mtengo. Chinabwera ndi mpanda, belu ndi ndandanda ya nthawi. Mmonke wa ku Taiwan, Hui Li, amene anatsogolera ntchito yomanga kachisi wa Nan Hua ku Bronkhorstspruit m'dziko la South Africa kuyambira mu 1992, ndiye anayambitsa Amitofo Care Centre kunja kwa mzinda wa Blantyre cha m'ma 2004. Kumeneko ana amasiye amagona, amadya, amaphunzira sukulu, Chitchaina ndi masewero a kung fu. Amadzuka mbandakucha kukapemphera, ndipo nyama sadya. Malo ena otere anatsegulidwa ku Lesotho ndi ku Eswatini. Mu 2019 Nicole Schafer wa ku South Africa anatulutsa kanema wotchedwa Buddha in Africa, wotsatira mnyamata wina wokulira pamalopo, wochokera ku banja lachisilamu, amene anafika pamphambano: apite ku Taiwan kukapitiriza maphunziro kapena abwerere kwa abale ake kumudzi, kumene anayamba kuoneka ngati mlendo. Amene amadziwa mbiri ya Mvera, kumene amishoni a Dutch Reformed anafika mu 1889, kapena ya Mua, kumene ansembe a White Fathers anafika mu 1902, aizindikira nkhani imeneyi. Mwana amalandira chakudya, mankhwala ndi maphunziro, pamodzi ndi dzina latsopano ndi pemphero latsopano. Zabwino zake n'zenizeni, mtengo wakenso ndi weniweni. Ku Mua komweko kunatenga zaka zambiri kuti mpingo uyambe kumvetsera chikhalidwe chimene unachipeza, kufikira bambo Claude Boucher atayambitsa Kungoni mu 1976, kumene lero zigoba za gule wamkulu zimasungidwa pabwalo la mishoni.

Choncho mnyamata amene akuti wasiya tchalitchi kapena mzikiti chifukwa wapeza njira ya Buddha pa foni yake, ndili ndi funso kwa iye, ndipo ndikufunsa mwachikondi. Mayi ako akamwalira, adzachezera ndani pasiwa? Amayi a Mvano ndi a Chigwirizano amene amafika ndi nkhuni ndi ufa, naimba mpaka mbandakucha, anawasonkhanitsa ndi mpingo. Amene amasambitsa thupi la Msilamu, kuliveka sanda ndi kulinyamula pa jeneza tsiku lomwelo, anawaphunzitsa ndi mzikiti. Adzukulu okumba manda ali ndi mwambo wawo ndi akuluakulu awo. Maliro n'kulirana, ndipo kulirana kumafuna kaundula, msonkho ndi munthu woimba belu. Zomwe timadandaula nazo m'mipingo, monga makomiti, zopereka ndi kulimbirana maudindo, n'zomwenso zimachititsa kuti wodwala ayenderedwe Lachinayi. Ine sindinaonepo munthu wosinkhasinkha payekha atamanga sukulu ya ana osamva ngati ya ku Mua.

Komanso mpingo usanyade. Funso la Buddha likadali chiimire pakhomo pake: mwa anthu amene akhala pabenchi zaka makumi atatu, ndi angati amene mkwiyo wawo wachepa, dyera lawo lachepa? Tili ndi nyumba zopemphereramo pafupifupi m'mudzi uliwonse, ndipo tili ndi mankhwala osowa m'zipatala ndi ndalama za boma zolowa m'matumba a anthu amene Lamulungu amakhala kutsogolo. Buddha anauza anthu a fuko la Kalama kuti chiphunzitso asachilandire chifukwa choti n'chakale, kapena chalembedwa, kapena wanena ndi mphunzitsi wolemekezeka, koma achiyese ndi zipatso zake: kodi chikuchepetsa dyera, chidani ndi kupusa, kapena chikuzichulukitsa? Muyeso umenewu Mkhristu ndi Msilamu akhoza kuubwereka osasiya chikhulupiriro chawo, pakuti m'mabuku awo omwe muli mawu ofanana nawo.

Ndisanatseke, tiyeni tiwoloke pang'ono kupita ku chilumba cha Mbenje, m'dera la Gogo Chalo Makanjira m'boma lathu lomwe lino. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu wa kumeneko umatseka usodzi pachilumbachi nyengo ya mvula, kuyambira mu December, n'kudzatsegula mu April ndi mwambo wokumbukira mizimu ya makolo. Pachilumbapo mowa suloledwa, chamba sichiloledwa, njuga siiloledwa, ndipo amayi safikako. Lamulo lomalizali ambiri amalitsutsa, ndipo ali ndi mfundo, chifukwa amayi ndiwo amagwira gawo lalikulu la malonda a nsomba koma amadikira kumtunda. Wophwanya malamulo amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa pachilumbapo. Zotsatira zake asodzi amazidziwa: pamene madooko ambiri akulira kuti nsomba zatha, utaka wa ku Mbenje umakoka anthu ochokera kutali, ndipo akatswiri a zausodzi amapita kukaphunzira kumeneko. Boma linadzakhazikitsa lamulo lopatsa anthu a m'midzi gawo poyang'anira usodzi mu 1997, a Makanjira atayamba kale zaka makumi anayi m'mbuyomo.

Anthu amene anayambitsa mwambo umenewu sanawerenge za Buddha. Anangoona kuti munthu akasiyidwa ndi ludzu lake amakokolola nyanja mpaka tiana ta nsomba, ndipo mawa amalira yekha. Mmonke wa ku Thailand atafika ku Mbenje akanagwedeza mutu poona maukonde, koma malamulo a mowa ndi njuga akanawazindikira msanga. Kusiyana kwake n'kwakuti ku Mbenje kudziletsa sikunasiyidwe mumtima mwa msodzi aliyense payekha. Kuli mfumu, kuli komiti yofufuza katundu m'maboti asananyamuke, ndipo kuli chindapusa.

Nthawi yathu yathera pamenepa. Inu amene mukulowa m'madzi usiku uno, mverani kaye za nyengo musanakankhe boti.